Malichero a Kutsogolo kwa Moto

Okiemute, mwana wamkazi wa malemu, anali kupukutanso mipando ya olira maliro pamene mchimwene wake wamkulu, Mudiaga, analowa pabwalo. Anali ataipukuta m'mawa, koma mwaye unali utateranso, monga umachitira pa chilichonse m'mudzi muno: pa madenga, pa zovala zoyanika, ngakhale m'madzi a mvula. Thupi la amayi awo linali likadali ku nyumba ya chisoni ku Warri, kudikira tsiku lobwerera kumudzi kumene anabadwira, poti pa mwambo wa mtundu wawo wa Chiurhobo mkazi saikidwa kwa mwamuna wake.

"Ndamva kuti mawa ukufuna kukalankhula kwa anthu a boma aja," anatero Mudiaga.

"Mwamva zoona, achimwene. Akubwera kudzafunsa za moto wa fakitale, ndiye ndikawauza zimene adokotala anapeza. Mapapo a amayi anali bii ngati kunsi kwa mphika. Munthu woti fodya sanamulaweko chibadwire."

"Ndiye ukuganiza kuti akazimitsa? A kutsidya anadandaula. Moto ukuyakabe mpaka lero, kungoti anamanga mpanda n'kuika alonda pachipata. Azimayi akumeneko angogwira njakata. Iwe maliro akatha ubwerera ku ntchito yako ku Lagos. Ife tizidya chiyani, mpandawo?"

Zinali zoona, ndipo zinamuwawa Okiemute. Moto wa gasi amene fakitale ya mafuta imangotaya ndi womwe unawaphunzitsa sukulu onse awiri. Chinangwa chofuna masiku angapo a dzuwa, pamotopo chimauma tsiku lisanapendeke, kaya mvula ikugwa, ndipo amayi awo anagulitsa gari, ufa wa chinangwa wouma motero, zaka zonse za umasiye wawo. Tsopano nyumba inkadalira Omonigho, mkazi wa Mudiaga, amene anali woyembekezera, wotopa kale.

Masana azakhali awo anakumbutsa kuti katundu wa malemu asonkhanitsidwe kuti atsagane ndi thupi, ndipo malichero a amayi anali atatsala kumoto. Okiemute ananyamuka, Mudiaga akutsatira pambuyo uku akung'ung'udza.

Kumeneko moto unali kulilima kuchokera m'chipaipi chogona pansi, mkati mwa linga la mchenga. Patali ndithu, pa chitsa cha kanjedza, panakhala Mama Erhuvwu, mnzawo wa malemu wa kuubwana.

"Tabwera kudzatenga malichero a amayi," anatero Okiemute atapereka moni.

"Awo ndi awiri okha, atsamira apowo."

"Awiri? Si ankasenza mulu amayi?"

"Ankasenza, mwanawe. Koma sanali awo."

Nthawi yomweyo kutsogolo kwenikweni, kumene mpweya umachita kuvina ndi kutentha, kunatulukira mzimayi atamanga nsalu yonyowa kukamwa. Ankayenda atagwira msana, akutsokomola. Anali Omonigho.

"Iwe, ukutani kumeneko?" anafunsa Mudiaga. "Si unkati umakhala pamthunzi?"

"Ndinkakhala, amayi ali moyo."

Mama Erhuvwu anapukusa mutu. "Amuna inu mumangodziwa gari ali m'mbale. Mayi anu anaika lamulo lawo pano, boma lisanalote n'komwe. Wapakati kapena woyamwitsa sadutsa chitsa ichi. Ankawalanda malichero, ndi mwano womwe, pakamwa paja mukupadziwa, n'kukawaika okha kutsogolo kumene kumapsereza nsidze. Kulowa, kutuluka, tsiku lonse lathunthu. Ine chifuwa chinatha kale, sindingathe. Chimwalirireni iwo, aliyense akudzisenzera yekha."

Mudiaga anakhala pansi pa mchenga pomwepo. Okiemute anamva chisoni chosakanikirana ndi mkwiyo. Anakwiyira fakitale, anakwiyiranso amayi ake, amene akawaimbira foni ankangoti ndi kachimfine chabe.

Omonigho anamasula nsalu kukamwa kuja. "Alamu, mawa kalankhuleni. Ine sindikuletsani, kaya amuna anga akuti bwanji. Koma mukanene zonse. Mukanene kuti moto uwu ukutipha, mukanenenso kuti ndi womwe ukutidyetsa. Asangotitsekera kunja n'kukwera galimoto zawo."

"Ndikanena zonse," anatero Okiemute. Anayang'ana mchimwene wake, koma iye anangoweramitsa mutu, osatsutsa.

Omonigho anawerama movutikira kuti anyamule lichero lina la chinangwa chachiwisi. Okiemute anamugwira dzanja.

"Takhalani pansi inu. Mimba yonseyo, mukufuna mwana abadwe wowotcha kale?"

Mama Erhuvwu anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili m'masaya. "Ndi malemu omwewo ndithu. Pakamwa pomwepaja."

Okiemute anavula duku lake lakuda la maliro, naliviika m'ndowa, n'kulimanga pamphuno ndi pakamwa. Asanasenze n'komwe, atsikana awiri obereka makanda kumbuyo anadzuka pamene anakhala. Anabwera mwakachetechete, aliyense n'kutula lichero lake pa mapazi ake, kenako anabwerera kumthunzi.