Fulashi Yofiira ya Cyprian

Cyprian anali mkamwini ku Tsangano, kwawo kwa mkazi wake Christobel, ndipo pamudzi ponse panalibe womvetsa ntchito yake. Anzake akalawirira ku minda ya kachewere, iye ankakwera kaphiri ka kuseri kwa tchalitchi, laputopu ili kukhwapa, chifukwa ndi pokhapo pamene netiweki inkagwira.

Ntchitoyo inali iyi. Kuli pulogalamu yaulere yosungiramo ndalama za pa intaneti, zija amati kiripito. Amene anailemba ndi anthu a m'maiko osiyanasiyana, osaonana n'komwe nkhope. Koma kuti ilowe bwino m'makompyuta oyendera Linux, pamafunika munthu woimanga, kuiyesa, n'kuikonza kukhala phukusi loti aliyense angotsitsa. Munthuyo anali Cyprian. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri, olemba aja akangosintha kanthu, iye amange phukusi latsopano, asayine, atumize. Malipiro kunalibe. Pa tsamba lake analembapo kuti wokondwa aponyeko kangachepe. Otsitsa anali zikwi makumi anayi, koma zoponyedwazo chaka chabwino zinkangokwana bandulo.

Kusayinako sikwa cholembera ayi. Ndi kiyi wachinsinsi, kafayilo kotsimikizira kuti phukusi lachokeradi kwa mwini wake. Chaka china tambwali wina anadzitcha Cyprian kuti alowetse pulogalamu yobera anthu. Atamugwira, Cyprian yemweyo ndi amene analemba lamulo limene gulu lonse la osamalira maphukusi linavomereza: wopanda kiyi asamveredwe, ngakhale alire bwanji. Kiyi wakeyo ankamusunga mu fulashi yofiira, m'chitini cha mabatani pamwamba pa kabati. Kope lina linapita ndi laputopu yakale imene inanyowa ndi mvula, ndipo ankangoti akonza lina mawa.

Apongozi ake aakazi anali atanena kale poyera, pakhonde, anthu akumva: akamatha kukumba kachewere chaka chino, mkamwini asankhe khasu kapena njira ya kwawo ku Kandeu.

Ndiye Lolemba lina m'mwezi wa Juni Cyprian anatsika kaphiri kaja akuthamanga ngati wawona njoka. Bungwe lina lakunja linali litalengeza kuti lizilipira osamalira maphukusi mwezi ndi mwezi, kwa zaka ziwiri. Chofunika chinali chimodzi: kalata yosayinidwa ndi kiyi, ifike pasanadutse Lachisanu.

"Mayi a Tawina, zatheka!" anatero, wefuwefu. "Tilemba aganyu anayi. Amayi sadzandinenanso."

Christobel sanatukule n'komwe mutu pa thumba limene ankasoka. "Mawu amenewa munawanena Tawina akuyamwa. Lero ali Sitandade 2."

Lachitatu, kalata atailemba bwinobwino, anatsitsa chitini chija. Mabatani, singano, ndalama yachitsulo ya ku Joni ya malemu bambo ake. Fulashi munalibe. Anakhuthulira zonse pa mphasa, anasanthula kabati, anakwawira pansi pa bedi. Ali chogwada choncho anamva njinga yamoto ikuima panja, nyimbo zili pokopoko. Anali mlamu wake Redson, wa kabaza, ndipo pa sipika yomangirira ku handulo panali patabayidwa kanthu kofiira.

"Alamu, fulashi imeneyo mwaitenga kuti?"

"Iyi? Yabwinotu, alamu. Nyimbo mahandiredi atatu, yadzaza mpaka pakamwa. Makasitomala a ku Mozambiki akuchita kundilimbirana."

"Zimene zinali m'menemo zili kuti?"

"Wobena nyimbo pamsika paja anati munali tizinyalala tosatseguka. Anapukuta. Mundithokoze, ndakuyeretserani ulere."

Cyprian anaizula nyimbo ili pakati. Anakhala nayo pakaphiri mpaka batire kutha, kuyesa njira zonse zimene ankadziwa. Nyimbo zinali zitapondereza paliponse. Kiyi anali atapita.

M'mawa mwake analembera gulu lija, kufotokoza zonse, mpaka za kabaza. Amene anamuyankha anali Ian, mnzake amene anagwira naye ntchito zaka zonsezo, amene anamutumizirapo chithunzi cha mwana wake wobadwa kumene. Yankho linali lalifupi. Anati nkhaniyo ndi yomvetsa chisoni ngati ili yoona, koma wakuba aliyense amabweranso ndi nkhani yomvetsa chisoni. M'munsi mwake anamata lamulo lija, ndi dzina la amene analilemba.

Lachisanu linadutsa. Phukusi analiika pa mndandanda wa maphukusi amasiye, monga amachitira mwini wake akasowa. Zaka zisanu ndi ziwiri palibe anafunapo kuthandiza Cyprian ngakhale tsiku limodzi, koma tsopano poti panali malipiro, ofuna kulera wamasiyeyo anapezeka asanu ndi mmodzi. Linapita kwa wina wotchedwa Cedric, amene analowa m'gulumo chaka chatha chomwechi.

Loweruka Cyprian anakhala pakhonde osadya. Christobel anabwera ndi khasu latsopano, n'kulitsamiritsa pa bondo lake.

"Redson musamudandaule," anatero. "Chitini chija sachidziwa. Fulashi ija ndinamupatsa ndine, Lachiwiri."

Cyprian anamuyang'ana. "Ndinali nditakuuzani za ndalama zija."

"Munandiuza. Zikanabwera, mukanakhala pa kaphiri kaja zaka zina ziwiri, ine ndikusenza matumba ngati wamasiye mwamuna ali moyo. Zikanapanda kubwera, chimodzimodzi. Ndimafuna munthu kumunda, bambo a Tawina. Mpini ndakusankhirani wosalala, poti manja anu ndi a mwana."

Apongozi, amene ankasankha nyemba chapafupi, anaseka mpaka kutsokomola.

Anakumba kachewere sabata zitatu. Manja anatuluka matuza, matuza anaphulika. Fulashi Redson anaitenganso, nati yopanda ntchito ikusungidwiranji, ndipo ankadutsa dala m'mphepete mwa munda nyimbo zili pamwamba, akuimba hutala. "Abwana a Linux! Mzere wanu wakhota!"

Lamulungu lina atatuluka m'tchalitchi, Cyprian anazemba n'kukwera kaphiri kaja. Panali uthenga umodzi, wochokera kwa Cedric. Phukusi latsopano linkakana kumangika, anthu ankadandaula kuti sakutha kutsegula ndalama zawo, ndipo iye sankadziwa pogwira. Anati ngakhale sangatsimikize kuti akulankhula ndi Cyprian weniweni, malangizo aulere angawalandire kwa aliyense.

Cyprian anaona vutolo asanamalize n'komwe kuwerenga. Unali mzere umodzi wa m'pulogalamumo, umene ankaukonza chaka ndi chaka. Anaganiza zotseka laputopu. Kenako anaganiza za anthu zikwi makumi anayi aja, ndipo ndi zala zotupa analemba yankho, pang'onopang'ono.

Cedric anabweza kachithunzi ka chala chachikulu, basi.

Kumunsi Christobel anali ataima pa msewu, manja m'chiuno, pambali pake pali bambo wina wa ku Mozambiki wogula katundu wakale.

"Tsikani nayo laputopuyo!" anakuwa Christobel. "Ikani ndi chaja chomwe. Mtengo tagwirizana kale."