Ufa Pamphumi pa Mfumukazi

Chaka chotsatira njala ija ya chimanga chachikasu, aphunzitsi Bonaventure analemba sewero loti lichitike pa chikondwerero cha parishi ku Mpanshya. Linali sewero la dziko lozizira lakutali, nthawi zamakedzana, kumene anthu ankakhala m'malinga a miyala ndipo asilikali ankamenyana ali pa akavalo, atavala zitsulo thupi lonse. Mfumu ya kumeneko inafera kunkhondo, adani n'kuzinga linga. Mfumukazi sinathawe. Inatseka zipata, n'kumagawira anthu tirigu pang'onopang'ono mpaka adani anatopa n'kubwerera kwawo. Pothera pa sewero mfumukaziyo inkaitana asilikali amene anaima nayo, iwo n'kugwada, iyo n'kuwagunda ndi lupanga paphewa ili ndi ili, kuwapatsa ulemu.

Ufumukazi anaupereka kwa Marjory, amake Jessy, chifukwa anali wamtali ndipo mawu ake m'kwaya ankamveka mpaka kuchipatala. Aphunzitsiwo anali atangobwera kumene kuchokera ku Lusaka. Sanafunse aliyense.

Marjory anali wamasiye. Mwamuna wake Silas anadwala nthawi yaitali, kuwonda mpaka mphete yaukwati kumavuka yokha, n'kumwalira mvula itangoyamba. Maliro atatha, akuchimuna anati Mordecai, mng'ono wake wa malemu, alowe m'nyumba agone naye kuti chiwanda cha Silas chimuchoke. Akatero ndiye amusudzula, akhale mfulu ngati munthu wina aliyense. Marjory anakana. Iwo anati chabwino, khala nacho chiwanda chakocho.

Kuyambira pamenepo palibe ankamupatsa moni wapadzanja. Zitumbuwa zimene ankagulitsa pachipata cha chipatala zinkabwerera kunyumba mbale ili yodzaza. Odikirira odwala ochokera ku Shikabeta ankagula tsiku loyamba, koma akangomva nkhani ankadutsira patali. Marjory ankakazingabe m'mawa uliwonse. Madzulo iye ndi Jessy ankadya zitumbuwa zozizira.

Pokonzekera sewero zinthu zinkayenda bwino. Zisoti za asilikali anazidula ku zitini za mafuta a thandizo zimene zinatsala m'chaka cha njala. Akavalo anali njinga zomangiridwa mitu ya masaka odzaza udzu, ndipo poti palibe anali ataonapo kavalo, mituyo inkafanana ndi mbuzi zodwala. Lupanga linali la mtengo wa mlombwa, lokutidwa ndi mapepala onyezimira a m'mapaketi a fodya. Vuto linabuka tsiku limene anafika pothera.

"Manje ba Oswell, gwadani," anatero aphunzitsi.

Oswell, wokonza njinga pamsika, ndiye anali mkulu wa asilikali. Anakankhira chisoti chake kunkhongo.

"Ndigwade kuti anditani?"

"Akugundeni ndi lupanga. Apa ndi apa."

Oswell anayang'ana mnzake Bornface, Bornface n'kuyang'ana tcheni cha njinga yake.

"Ba ticha, sangangolankhula chabe ali patali? Mfumu imalankhula, sigwira anthu."

"Sakukugwirani ndi dzanja. Ndi mtengo uwu."

"Mtengowo waugwira ndani?"

"Magetsi sadutsa mumtengo, iwe," anatero Bornface.

"Chiwanda si magetsi. Yamba ndiwe kugwada, poti ndiwe wodziwa za sayansi."

"Ine bondo langa lija."

"Bondo liti? Dzulo pampira limathamanga lokha."

Onse anaseka, ndipo palibe anayang'ana Marjory. Iye anali chiimire pabenchi imene inkaimira mpando wachifumu, lupanga lili m'manja. Ena atabalalika, aphunzitsi anamutsatira. Munthu wina anali atawanong'oneza nkhani yonse, moti makutu awo anali atagwa.

"Amake Jessy, pepani, sindinadziwe. Gawo lomalizali tingalichotse."

"Munalemba kuti agwade."

"Ndinalemba ndine, ndingafufutenso."

"Musafufute. Ndidzawaitana. Akapanda kubwera ndidzaima pomwepo, anthu aone."

Loweruka lake Marjory anabwereka njinga n'kupita kumsewu waukulu wa ku Chipata, kumene apongozi ake, amayi Harriet, ankagulitsa mbatata. Anali mayi wamfupi, wamawu okalipa, amene sankatsitsa mtengo ngakhale kwa wansembe. Chimwalirireni Silas anali asanapondeko pakhomo pa Marjory.

"Mwachoma bwanji, amayi?"

"Tachoma. Ndamva masiku ano ndiwe mfumukazi. Mfumukazi ya zitini."

"Inde."

"Ukanamvera akuluakulu, bwenzi zonsezi kulibe."

Marjory anakhala pansi, chapatali pang'ono ndi mbatata kuti asawawonongere malonda.

"Amayi, Silas tinkamusambitsa awiri, inu ndi ine. Munauona msana wake. Munaona m'kamwa mwake."

"Anachita kumulodza mwana wanga."

"Kaya. Koma chimene chinamudyacho mwina chili mwa ine. Sindidziwa. Mordecai ali ndi mkazi, mkaziyo akuyamwitsa. Mukufuna tidzasambitsenso wachiwiri?"

Amayi Harriet anayamba kusanja milu ya mbatata imene inali yosanja kale.

"Kwathu ku Petauke azakhali anga anawasudzula ndi ufa chabe," anapitiriza Marjory. "Apongozi awo anawapaka pamphumi anthu akuona, basi zinathera pomwepo."

"Amalume ake a Silas sangalole zimenezo. Akuti ufa ndi wodya."

"Amene anabereka Silas si amalume."

Basi ya ku Lusaka inadutsa osaima, fumbi n'kuwakuta onse awiri. Litatsika, amayi Harriet anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Choka, ukundithamangitsira ogula," anatero.

Marjory ananyamuka, nakwera njinga.

Tsiku la chikondwerero, Misa itatha, anthu anadzaza bwalo la sukulu. Odwala otha kuyenda anabwera atafunda mabulangeti a chipatala. Mordecai ndi mkazi wake anakhala kumbuyo pafupi ndi amalume. Amayi Harriet anali pamphasa kutsogolo, pakati pa amayi a chigwirizano, nkhope ili gwa.

Sewero linakoma. Adani anazinga linga la makatoni, kavalo wa Bornface anaduka mutu nkhondo ili pakati, ana n'kugubuduka ndi kuseka. Marjory anavala nsalu yofiira yakale ya paguwa ndi chisoti chachifumu cha chitini. Pamene anaima pabenchi n'kuuza adani kuti chipata sachitsegula, kaya abwere ndi moto kaya ndi njala, bwalo lonse linakhala chete, amayi ena n'kuyankha kuti eya ngati ali m'tchalitchi.

Kenaka adani anathawa. Marjory anatsika pabenchi, nakweza lupanga.

"Asilikali anga amene munaima nane, bwerani mugwade, ndikupatseni ulemu wanu."

Palibe anasuntha. Oswell anavula chisoti n'kumachizunguza m'manja. Bornface anawerama ngati akufuna mutu wa kavalo wake. Aphunzitsi Bonaventure, kuseri kwa linga, ankakupiza manja ngati akuingitsa nkhuku. Anthu anayamba kunong'onezana, pakuti onse ankadziwa chimene chinkachitika. Marjory anaitananso kachiwiri ndi mawu omwewo. Dzanja linayamba kumulemera, thukuta likutsikira m'khosi, koma lupanga sanalitsitse. Anaona Jessy pakati pa ana anzake atabisa nkhope m'maondo.

Pamenepo amayi Harriet anadzuka pamphasa. Anamanga chitenje bwinobwino, nayenda mpaka pamene panaima Oswell.

"Bwera nacho chitinicho."

"Amayi, ili ndi sewero."

"Ndaona. Ndaonanso asilikali ake. Bweretsa."

Anachilanda n'kuchivala pamwamba pa duku. Chinawatsikira mpaka pamphuno, moti anayenda chopapasa kukafika pamaso pa Marjory. Anthu anaseka, koma kusekako kunazima pamene mayiwo anagwira pansi ndi dzanja limodzi, maondo akulira, n'kugwada m'fumbi. Marjory anangoti kakasi. Mpongozi sagwadiridwa ndi amake a mwamuna.

"Gunda, nanga ukudikira chiyani?" anatero amayi Harriet m'kati mwa chitini. "Maondo anga si a mtsikana."

Marjory anatsitsa lupanga paphewa lamanja, kenaka lamanzere. Mawu a m'sewero anamuthawa, aphunzitsi n'kumamukumbutsa monong'ona, koma iye sanawamve.

"Ndidzutse."

Anawapatsa dzanja. Mayiwo analigwira zolimba, ndipo ataima sanalisiye msanga. Anavula chitini n'kuchiponya pansi. Kenaka anamasula mfundo imene inali pansonga ya chitenje chawo. Munali ufa woyera. Marjory anazindikira kuti anachita kuchoka nawo kunyumba.

"Werama, ndiwe wamtali ngati mlongoti."

Marjory anawerama. Chala chokhakhala chinamupaka ufa pamphumi, kenaka m'masaya. Amayi Harriet anatembenukira kwa anthu, nalankhula ndi mawu awo a pamsewu, oitanira mabasi.

"Silas ndinabereka ndine. Mkazi wakeyu anamusunga mpaka tsiku lomaliza. Lero ndamusudzula. Alibe chiwanda cha mwana wanga. Amene ali ndi mawu abwere andiuze ine."

Maso onse anapita kumbuyo. Amalume anadzuka, nakutumula fumbi pathalauza, n'kuchoka osalankhula. Mordecai anatsala atakhala. Mkazi wake ndiye anayamba nthungululu, mwana ali kubere, amayi a chigwirizano n'kulandira.

Phokoso litachepa, amayi Harriet analoza Oswell.

"Iwe wa njinga. Wandiona ndafa?"

Oswell anatola chisoti chake, nabwera, nagwada. Lupanga litamukhudza anatsinzina ngati akumubaya jakisoni. Bornface anatsatira, bondo lake litachira mwadzidzidzi.

Lolemba m'mawa Marjory anakhala pamalo pake pachipata cha chipatala. Anthu awiri atatu anadutsabe patali. Iye anaganiza zoti tsiku lina adzalowa pachipatacho kukafunsa asisitere za magazi ake. Dzuwa litakwera anafika amayi Harriet, dengu la mbatata lili pamutu. Analitula, nakhala pambali pake, natenga chitumbuwa m'mbale n'kuluma pamaso pa odikirira odwala onse.

"Chauma," anatero akutafuna. "Ukuumira shuga. Patse china."