Foni Inati Mwana Ali Mtulo

"Kuno kumapiri foni imanama, osaikhulupirira," anatero a Torleif, ataona mpongozi wawo Tuva akupachika kamakina komvera kulira kwa mwana, kotumiza uthenga pafoni, pangolo yogonekamo khanda lake, Ylva.

Ngoloyo inali pakhonde, pomwe makanda onse a m'banjamo ankagonekedwa masana ngakhale kuzizire chotani.

"Ayambapo aneneri," anaseka Vebjørn, mwamuna wa Tuva. "Mabuku anu a zam'tsogolo aja, bambo, ankati pofika lero buledi tizikagula kumwezi."

"Ankatinso anthu azidzafunsa makina ngati ali ndi njala. Iwe m'mawa umafunsa wotchi ngati wagona bwino."

"Safunsa anadya phula, bambo."

Onse anaseka, Tuva nayenso. Anafunditsa Ylva chikopa cha nkhosa n'kulowa m'nyumba. Amunawo anapita kukawaza nkhuni kunkhalango, ndipo a Aslaug, apongozi aakazi, anapita kukatenga mazira kwa anzawo.

Tuva anakhala kukhitchini, foni pambali pa khofi. Patapita nthawi anamva kamawu kofowoka kunja. Anadzuka, anayang'ana foni. Inalemba kuti, "Ali mtulo." Anakhalanso pansi. Kamawuko kanamvekanso. Anayang'ananso foni. Kapena ndi mphaka, anadziuza.

Kenako chitseko chinatseguka. A Aslaug analowa atanyamula Ylva, nkhope ya mwanayo ili psuu, mawu atasasa, kadzanja kamodzi kali pamtunda kozizira ngati mwala.

"Ndamumvera kumsewu," anatero, akuuzira mpweya kadzanjako. "Walira nthawi yaitali ameneyu."

Foni inali itataya netiweki kalekale, n'kungoima pa mawu omwewo.

Kadzanjako kanafunda, zala zonse zinkagwira. Amunawo atabwerako, Vebjørn anatukwana opanga kamakinako. A Torleif anangokankhira Tuva mbale ya nsomba.

"Idyani, mayi a Ylva. Makoma a nyumba ino ngochindikala. Simukanamva."

"Zoonadi," anavomera a Aslaug. "Aliyense zikanamuchitikira."

Tuva anaisiya nsombayo m'mbale.

Potsuka mbale anatsala awiri, Tuva ndi Vebjørn.

"Tinyamuke kusanache, tibwerere kwathu," ananong'ona Tuva.

"Bwanji? Palibe wakukwiyira."

"N'chifukwa chake. Mawa adzandiuzanso za makoma, ine n'kumagwedeza mutu." Anapukuta kapu yomwe inali youma kale. "Ndinamumva, Vebjørn. Kawiri."

Vebjørn anatseka mpopi. Anayang'ana kuchipinda chochezera, komwe bambo ake ankayendayenda ndi Ylva paphewa, akumuimbira chapansipansi.

"Nanga ndiwauze kuti chiyani?"

"Uwauze kuti ndadwala. Ine ndikukalongedza."