Kuperekeza Apongozi pa Luchenza

Apongozi ake a Teleza anakhala mwezi wathunthu kumalaini a antchito a pa esiteti ya tiyi, kudzaona khanda. Mvula ya mu 1924 itakata, anati abwerere kwawo ku Chiromo, ndipo mwana wawo Jonas, mwamuna wa Teleza, anaganiza zowakweza sitima. Anapempha kwa kapitawo kuti iye ndi mkazi wake asatchole tiyi Lolemba limenelo, ndipo anatsetsereka wapansi mpaka pa siteshoni ya Luchenza.

Teleza anali asanayandikirepo sitima. Ankangoona utsi wake kuchigwa akaweramuka m'munda wa tiyi. Chimene ankachidziwa bwino n'kuperekeza mlendo: umamusenzera katundu, n'kuyenda naye mpaka mwini wake akuuze kuti ubwerere. Kutembenuka usanauzidwe n'chipongwe, makamaka kwa apongozi.

Sitima itaima, Teleza anaona kuti khomo la bogi ndi lopapatiza, sakanalowa ndi dengu pamutu mwana ali kumbuyo. Anamasula mwanayo, Ester, n'kumupereka kwa bambo ake.

"Tamugwirani, ndikawatulire amayi katunduyu."

M'katimo munali mothithikana, anthu ndi mitolo ndi nkhuku zomanga miyendo. Teleza anakankhira dengu pansi pa benchi, apongozi ake atakhala, iye n'kugwada pambali pawo.

"Amake Ester," anayamba mayiwo, "mwanayo musamamusiye pamphepo mukamatchola. Ndipo mkuzi uja wayamba kumuthina, mumulukire wina. Komanso Jonas mumuuze kuti ndamuona, kachasu akumwa uja..."

Kunja kunalira wezulo. Teleza anaimva, koma pa esiteti wezulo ya kapitawo ikalira anthu amayamba asonkhana, ochedwa n'kuwadikira. Anaweramitsa mutu n'kupitiriza kumvetsera.

Pansi panagwedezeka. Iye anayesa chizungulire, chifukwa anali asanadye. Atakweza maso pazenera anaona denga la siteshoni likubwerera m'mbuyo, mtengo wa mango nawonso ukubwerera. Kenako anaona Jonas akuthamanga, mwana atamukumbatira pachifuwa, pakamwa pali yasa. Mawu ake sankamveka. Udzu wautali unamuphimba.

Teleza anakhalabe chogwada. Manja ake anapita kumsana, n'kupeza nsalu yokha.

"Ikupita," anatero motsitsa. "Amayi, ikupita."

Apongozi ake anayang'ana pazenera, n'kuyang'ana mpongozi wawo.

"Auzeni aime. Wina awauze kuti uyu sali pa ulendo."

"Agogo, iyi si machila," anatero bambo wina wa chipewa amene anakhala moyang'anana nawo. "Ilibe makutu. Mayiwa aperekeza zenizeni, mpaka akaone pakhomo panu."

Anthu anaseka. Kuseka kunazilala m'modzim'modzi pamene anaona nsalu ya pachifuwa pa Teleza ikunyowa, mkaka ukudontha. Wa chipewa uja anayang'ana kumapazi kwake.

"Ndi wamkulu bwanji mwanayo?" anafunsa mayi wina.

"Sanayambe phala," anayankha Teleza.

Apongozi ake anamugwira padzanja.

"Bwanji simunandidule pakamwa?"

"Munali mukuyankhula, amayi."

Gadi wa sitima anafika akuona matikiti. Atamva nkhaniyo anamuyang'ana Teleza nthawi yaitali, ngati akufuna kukalipa, koma anangopukusa mutu.

"Mutsike pa Khonjeni, ndi pamene tikaime. Musadumphe, mwamva? Ndakuonani mukuyang'ana khomo."

"Nanga yobwerera idutsa nthawi yanji?"

"Yokwera kumtunda ndi Lachinayi."

Teleza anabwereza mawuwo ndi milomo yokha. Ester sankatha ngakhale theka la m'mawa osayamwa. Ankamuyamwitsa ali chiimire pakati pa mizere ya tiyi. Jonas sankadziwa n'komwe kumunyamula bwino.

Pa Khonjeni anatsika sitima isanaime bwinobwino, n'kugwa chogwada pamiyala. Apongozi ake ankaitana pazenera koma iye sanacheuke. Njira za kumeneko sankazidziwa, choncho anangotsata njanji kubwerera kumene inachokera.

Dzuwa linali paliwombo. Miyala ya m'njanji inkamucheka kumapazi, zitsulo zikutentha ngati chiwaya. Pa kamlatho kena anaona madzi pansi kudzera m'mipata, n'kuwoloka chokwawa. Mabere ankamuwawa. Ankathamanga, n'kuyenda, n'kuthamanganso, ndipo nthawi zonse ankamva ngati mwana akulira kutsogolo, koma zinali mbalame.

Dzuwa litapendeka, pamene njanji inakhota kuzungulira chitunda, anaona munthu akubwera pakati pa zitsulo. Anali wosavala malaya. Malayawo anali atamangira mwana kumsana, mokhota, mutu uli lende.

Teleza anaima. Mwanayo sankalira.

"Abambo a Ester," anatero. "Wangokhala chete bwanji?"

"Walira mpaka mawu kutha," anayankha Jonas akupuma mwabefu. "Ndinamunyowetsa milomo pamtsinje. Tamasulani, ine mfundoyi yandikanika."

Mfundoyo inakanika ndi zala, mpaka Teleza anaimasula ndi mano. Anakhala pansi m'mbali mwa njanji n'kumuika mwana kubere. Ester anatembenuzira nkhope kumbali, maso ali otseka. Mayi ake anafinyira mkaka pamilomo pake, n'kudikira. Kenako kamwa kanayasama, kanagwira, n'kuyamba kukoka mwamphamvu mpaka Teleza anatsinzina ndi ululu.

Jonas anakhala pansi pafupi nawo, n'kuyamba kuzula minga kumapazi kwake.