Injini Imene Ndinaiphera mu Songwe

Ine Wallace Simkonda ndagwira mainjini a maboti ku Mwanza ndi ku Kigoma m'dziko la Tanzania mpaka ku Beira, ndipo palibe ngakhale imodzi imene inandifera m'manja. Imene inafa ndinachita kuipha ndekha, ndipo ndiyo ndimanyadira kuposa zonse.

Ndinabwera nayo kwathu ku Chitipa pa lole pamodzi ndi boti lake, injini ya boti laliwiro imene ndinagula kwa Mgiriki wina wansomba. Anthu pa Boma anaseka kuti ndabweretsa boti kudziko lopanda nyanja. Mvula itagwa, Songwe atadzaza, omwewo ankandilipira kuti ndiwaolotse ndi matumba awo a shuga.

Injini yothamanga imatentha msanga, ndiye ndinaikonzera njira ziwiri zoziziritsira. Yoyamba, pampu inkakoka madzi a mumtsinje n'kuwadutsitsa m'injini, kenako ankatulukira pansi pa boti limodzi ndi utsi. Kulira kwake kunali ngati munthu wotsokomola m'bulangete, koma madzi akakhala amatope paipi inkatsekeka. Yachiwiri inali rediyeta ya lole yodzaza madzi oyera. Imeneyo matope sankaidziwa, koma utsi unkatulukira m'mwamba ndi mkokomo womveka mpaka kumapiri.

M'mawa wina wa Febuluwale, mvula ikuwaza, ndinapeza Esau Silungwe atakhala m'bango pafupi ndi boti langa, mkazi wake Loveness ali pambali ndi khanda kumsana. Esau ndiye anandiolotsa mtsinje womwewu tili anyamata, atandibereka chifukwa sindinkatha kusambira, tsiku limene ndinapita kukafuna moyo ku Tanganyika. Tsopano anali mphunzitsi. Anandiuza monong'ona kuti denga la kalasi linadonthera chithunzi chija chimene chinkakhala pakhoma paliponse masiku amenewo, iye n'kuchitsitsa kuti chiume, ndipo wina anakanena kuti anachiponya pansi. Amuna a Landirova yopanda nambala anafika kale kunyumba kwake, ndipo panthawiyo anali ataima padoko, kuseri kwa pamene mtsinje unakhota. Esau ankafuna kuti ndiwaolotsere ku Tanzania.

Ndinayang'ana madzi. Anali ofiira, olemera ngati phala. Fundi aliyense wokonza mainjini akanasankha rediyeta. Koma rediyeta ikanawaitana amunawo tisanafike pakati, ndipo tonse tinkadziwa kuti amene wakwera galimoto lija kwawo amaphika chakudya chake n'kuchitaya.

"Dada Simkonda, mukakana sindikudandaulani," anatero Esau. "Inunso muli ndi ana."

"Khala chete, mphunzitsi iwe. Kuno si m'kalasi."

Mawu ndinawatulutsa bwino, koma sipanala inandigwa m'manja kawiri pomasula mapaipi a rediyeta. Ndinapempha duku la Loveness n'kulimanga kukamwa kwa paipi kuti lisefe matope. Ndinaliza injini. Inatsokomola pang'onopang'ono, tinanyamuka.

Pambali pa injini panali kabowo kotulutsa madzi, kosonyeza kuti pampu ikumwa. Maso anga anali pamenepo. Tili pakati pa mtsinje kamadziko kanayamba kuchepa, kenako kudontha, kenako zii. Fungo la penti yopsa linadzaza m'boti. Ndinapisa dzanja m'madzi kukanda matope paduku, koma ankabwereranso pomwepo.

Apo ndi pamene mphamvu ya madzi inatikankhira poyera, doko n'kuonekera. Ndinaiona Landirova, ndi amuna atatu atabisala mvula pansi pa mkuyu, misana kwa ife. Mmodzi ankayatsa fodya. Khanda linayamba kudzuka. Loveness analitseka pakamwa ndi bere, maso ali tseke, milomo ikuyenda popanda mawu.

Fundi wanzeru akanazimitsa injini kuti ipole. Koma kuzimitsa kunali kulola madzi atitengere kumapazi a amuna aja. Ndinatsegula mafuta onse. Chitsulo chinayamba kulira mkati, kulira kumene fundi amakumva m'mano. Utsi woyera unatuluka pachivundikiro, chogwirira n'kundiwotcha chikhatho. Wafodya uja anatukula mutu ngati wamva kanthu, koma mvula inakula, iye n'kukokera jekete kumutu.

Injini inauma n'kufa titatsala pang'ono kufika. Esau analumphira m'madzi ofika m'khosi, anagwira bango, n'kutikokera kugombe la Tanzania. Tinatsika m'boti tonse.

Boti ndinalikankhira kumadzi kuti lipite, ndipo kwathu ndinabwerera wapansi kudzera ku Tunduma, n'kumauza aliyense kuti Songwe wandilanda chuma changa. Miyezi ingapo ndinkadzidzimuka ndikamva galimoto likuima.

Koma tisanasiyane pagombe paja, Esau anagwira dzanja langa lopsalo n'kufunsa kuti injini yotere adzailipira ndi chiyani.

"Sulipira kanthu," ndinatero. "Iwe unaolotsa munthu mmodzi, ine ndakubwezera atatu. Ngongole yatha."