Bambo Akukana Kuponda Pansi

Telala wina wosokera pakhomo zinali zitamukwana. Bambo ake anaterereka m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anakagona kuchipatala, fupa linalumikizana bwinobwino, ndipo adokotala ananena mosapita m'mbali kuti palibe chowaletsa kuyenda. Koma chibwerereni kunyumba, mkuluyo anali asanapondepo pansi popanda anthu omugwira uku ndi uku. Ndodo imene mwana wawoyu anawagulira inkangotsamira khoma ngati mlendo wosalonjeredwa.

Chimene chinkamudya mtima n'chakuti awa anali bambo omwe aja amene anakalambira pa ntchito yokwera mapolo a magetsi. Anzawo ankawatcha a Gologolo. Lero Gologolo yemweyo ankayang'ana simenti ya m'chipinda chake ngati dzenje lopanda malekezero.

"Bambo, tiyeni. Kungofika pachitseko apa basi."

"Mawa, mwanawe."

"Dzulo munatinso mawa."

"Ndiye waona kuti ine sindisintha mawu."

Iye sanaseke. Anali atayesa zonse. Ananyengerera, anakalipa, anachotsa kapeti, anagula nsapato za mphira zosaterera. Anaitananso mchimwene wake, amene anabwera, n'kunena kuti "limbani mtima, mdala," kumwa tiyi n'kumapita. Makasitomala ankadikira zovala zawo pamene iye ali kalikiliki ndi beseni ndi mapilo.

"Kodi kwenikweni mukuopa chiyani?" anafunsa, mawu atakwera. "Mwendo unapola!"

"Mutu ukudziwa zimenezo," anayankha bambowo, maso ali kudenga. "Koma ndikangoti ndiponde, pansi pamathawa. M'makutu mumalira. Ndimagwa ndisanaimirire n'komwe."

"Ingolimbani mtima!"

"Ukapeza kumene amagulitsa kulimba mtimako, undigulireko."

Telalayo anatuluka akutafuna mawu amene mwana sauza kholo lake.

Tsiku limenelo anali ndi diresi la mayi wina wovuta, loti alitenge masana, ndipo linangotsala kusita. Atalumikiza simbi ku magetsi, sinatenthe. Anagwedeza chingwe, pulagi inangoti khwekhwerere m'kati. Anatenga mpeni wa kukhitchini, n'kukhala pansi m'kanjira ka pakati pa nyumba pomwe panali kuwala, n'kutsegula pulagiyo. Timawaya tonse tinali titazuka. Sankadziwa kuti kati kalowe pati, ndipo chifukwa cha mkwiyo sanafune kufunsa munthu. Anangoyamba kulowetsa mmene dzanja lafikira.

Chitseko cha chipinda cha bambo ake chinali chotsegula.

"Iwe, ukutani pamenepo?"

"Ndikukonza."

"Waya umenewo si wa pamenepo."

"Zisiyeni, Bambo. Inu gonani."

"Ndati si wa pamenepo! Simbi yonseyo igwira moto, ukangoikhudza ikuponyera uko!"

Iye anapitiriza kumanga ndi nsonga ya mpeni, dala osadzutsa mutu. Anamva bedi likulira, kenako phazi likukhwekhwereza pa simenti, koma maganizo ake anali pa diresi ndi pakamwa pa mwini wake. Anadzidzimuka dzanja lowuma litamulanda pulagi kuchokera pamwamba.

"Ndani anakuphunzitsa zopusazi? Komanso ndi mpeni!"

Anayang'ana m'mwamba. Bambo ake anali chilili pambali pake, opanda ndodo, osagwira khoma, akuyang'anitsitsa pulagi ija nkhope itachita makwinya.

"Bambo! Mwayenda! Mwayenda nokha!"

Mawuwo atangotuluka anadziwa kuti walakwitsa. Mkuluyo anayang'ana mapazi ake, kenako anacheukira bedi limene analisiya kumbuyo. Anayamba kudzandira. Pulagi inagwa, manja anapalasa khoma, ndipo mwana wawo akanapanda kudumpha n'kuwagwira m'chiuno, bwenzi nkhani ili ina. Anawakhazika pampando wa makina osokera, thukuta lili kamukamu, akupuma ngati athamangitsidwa.

"Mwaona tsopano?" anatero telalayo, misozi ya ukali ili m'maso. "Mumatha! Nthawi yonseyi mumangondizunza!"

"Sindikuzunza, mwanawe."

"Nanga mwalimba mtima bwanji pompano?"

"Sindinalimbe mtima. Ndinangoiwala kuti ndili ndi miyendo." Anapukuta pamphumi ndi mkono. "Ngakhale pamwamba pa polo paja, anthu ankati ndine wolimba. Bodza. Maso anali pa waya, nzeru pa waya, ine mwini kunalibe. Mantha amafuna akupeze uli pakhomo, ukudzimvetsera wekha."

"Ndiye iwalaninso! Tiyeni, dzukani!"

"Munthu saiwala pouzidwa. Tayesa iweyo."

Anawakoka mkono. Thupi linali gwa, zala zitakanirira m'mphepete mwa mpando. Anakokanso, kenako anawasiya n'kukaima kukhitchini, atagwira sinki ndi manja onse. Ankafuna kukuwa. Akanangotseka pakamwa pake pajapa, mwina mkuluyo akanafika mpaka pabwalo.

Atabwerera anapeza bambo ake atatola pulagi ndi phazi n'kuiika pamwendo.

"M'chikwama changa chakale, pansi pa bedi, muli sikuludiraiva yachikasu. Kanditengere. Mpeniwu ubwezere kwawo."

Anakatenga. Zala za mkuluyo zinagwira ntchito mwakachetechete, ndipo simbi inatentha. Koma mpando wa makina unali ndi munthu tsopano, ndipo munthuyo sankasuntha. Telalayo anasita diresi ataima, kenako anaona kuti mpendero wina wasomoka ndipo ukufunika makina. Anayang'ana bambo ake, anayang'ana mpando.

Panja wina anagogoda mwamphamvu.

"Odi! Diresi langa lija latheka?"

"Lowani, mayi," anayankha telalayo, akufunafuna singano ya pamanja m'kabati. "Mudikire pang'ono. Samalani, musawagunde bambo."