Zenera la Mzere Wachitatu

Matenda a m'mimba alibe ulemu. Pa anthu onse a m'sitima yapamadzi ija, anasankha Anamwino, mayi amene anatha zaka makumi atatu akukalipira anthu kuti azisamba m'manja. Ntchito anapuma kalekale, koma dzinalo linawakanirira, monganso amuna awo ankatchedwabe Aphunzitsi ngakhale choko anachiiwala.

Sanakwere sitimayo pofuna kuona nyanja. Lachisanu inkayenera kuima maola asanu padoko la mzinda umene mwana wawo wamkazi anakwatiwako, ndipo kumeneko kunali mdzukulu wa mwezi umodzi amene anali asanamuyangatepo.

Lachinayi masana mimba inayamba kubangula. Dzuwa lisanapendeke anali atayenda kasanu ndi kawiri pakati pa bedi ndi chimbudzi. Lamulo la m'sitimamo linali lodziwika: wotsegula m'mimba auze adokotala, akhale m'chipinda masiku awiri osatuluka.

“Mayi, tangokhalani chete,” Aphunzitsi ananong'ona. “Mumwe timapiritsi toumitsa, mawa mutchene, titsike. Adziwa ndani?”

“Adziwa mwanayo. Inu munaonapo khanda liwombo litalowa m'kati? Ine ndawaona ambiri. Ndipatseni foni yapakhomayo.”

Anadzinenera okha. Kunabwera mtsikana wovala magolovesi, n'kuyamba kuwaphunzitsa kasungunulidwe ka mankhwala a mchere ndi shuga. Anamwino anamvetsera ataluma mlomo.

Lachisanu m'mawa thupi linali moto. Kuwala kwa madzi kunkavina kudenga, ndipo bedi linkayandama palokha. Kulira kwa injini kunasanduka phokoso la kuwodi ya ana. Makanda onse amene anawayezapo pasikelo ankadutsa mmodzimmodzi, aliyense m'kabeseni kake, akupita ndi madzi mwakachetechete. Anamwino ankawasuzumira pofuna wawo, koma nkhope yake sankaidziwa.

Anadzidzimuka sitima itaima. Aphunzitsi, amene mimba yawo inali yachitsulo, anali atavala kale jekete.

“Sambani mpaka m'zigongono,” Anamwino analamula. “Mukafika, manja kumbuyo. Mwagona chipinda chimodzi ndi ine, mwanayo osamukhudza.”

“Ndamva. Ndikamuuza mwana wathu amukweze m'mwamba moloza zenera lanu. M'chikepe chokwerera nsanjika timadina nambala 5, ndiye kuti mzere wachisanu, zenera la khumi kuchokera kutsogolo. Masamu ndi anga awa.”

Anatenga foni yawo yam'manja imodzi yokhayo n'kutuluka.

Anamwino anagwada pabedi, chipumi chitatsamira galasi lozizira la kazenera kozungulira kosatsegulika. Padoko anthu ankasefukira pang'onopang'ono ngati ali pansi pa madzi. Kenako anamuona mwana wawo, atanenepako, atafungatira kabulangete kachikasu. Pambali pake panaima Aphunzitsi, manja kumbuyo ngati wophunzira wolakwa. Mtima wa Anamwino unasungunuka.

Aphunzitsi anatulutsa chala n'kuyamba kuwerenga mizere ya mazenera kuchokera pamadzi. Woyamba, wachiwiri, wachitatu. Chalacho chinafika pa Anamwino, n'kupitirira.

Apo m'pamene anazindikira. Nsanjika ziwiri za sitimayo zinali pansi pa madzi, zopanda mazenera. Chipinda chawo, poonera kunja, chinali pamzere wachitatu.

“Bambo inu! Masamu ake ati amenewo?”

Anamenya galasi ndi zikhatho, koma galasi la sitima silimva. Mwana wawo anakweza khandalo moloza zenera la eniake. Ndipo kumwambako munthu wina ayenera kuti anayankha, chifukwa mwana wawoyo anayamba kudumphadumpha, akuseka, akupukuta misozi ndi phewa. Anagwira kamkono ka khandalo n'kukagwedeza kwa mlendo.

Anamwino anachita nsanje yoopsa, yowawa kuposa mimba. Kenako anasiya kumenya galasi, poona kuti nthawi ikutha. Anangoyang'ana. Kamutu kodzala tsitsi, kachibwano, timiyendo topalasa mphepo mwamphamvu. Mwana wathanzi, wamadzi okwanira m'thupi. Anamuyang'ana mpaka mpweya wawo unaphimba galasi, anapukuta ndi mkono, n'kumuyang'ananso.

Aphunzitsi anabwerera madzulo nkhope ikuwala, sitima itayamba kale kusuntha. Anapeza akazi awo atagona moyang'ana kukhoma.

“Mayi, munaganiza bwino zogwedeza thaulo loyera lija! Mwana wathu analira. Akuti, ‘Amayi akudwala chonchi koma aimirira nthawi yonseyi chifukwa cha ine.’ Ndiye tanenani, sindinawerenge bwino?”

Anamwino anatsegula pakamwa, mawu onse a mzere wachitatu ali palilime. Anaona amuna awo ataima pakhomo, manja adakali kumbuyo, manja amene sanakhudze mdzukulu wawo tsiku lonse.

“Munawerenga bwino,” anatero. “Mkono wokhawu ndi umene watopa.”